Umbanda wa ku Randburg umene sulowa m'buku la apolisi

Miyezi itatu iliyonse apolisi a ku South Africa amatulutsa ziwerengero za milandu, ndipo tsiku limenelo gulu la WhatsApp la mumsewu wathu kuno ku Randburg siligona. Wina amaponya manambala a siteshoni ya dera lathu, wina n'kuyamikira kuti makamera ayamba kuthandiza, winanso n'kutsutsa kuti manambalawo ndi ophika. Ine m'gululi ndilimo ngakhale ndilibe nyumba kuno. Ntchito yanga ndi yosamalira pamalo pa kompulekisi ina cha ku Ferndale: kutchetcha kapinga, kutulutsa mabini, kuyeretsa damu losambira, kutsegulira geti okonza mipope. Anandilowetsa kuti ndizidziwa ngati kwachitika kanthu usiku. Ndimawerenga zonse, koma kuyankha ndi mwa apo ndi apo.

Kwathu ndi ku Dedza. Ndisanapatsidwe kachipinda kuseri kwa kompulekisiyi ndinkachita lendi m'zisakasa za ku Zandspruit, n'kumalawirira m'bandakucha kudzagwira maganyu m'mayadi a mabwana. Abale akumudzi amene akuganiza zobwera ku Joni amakonda kundifunsa pa Facebook kuti, "Achimwene, kodi ku Randburg kumeneko kuli bata?" Yankho langa ndi funso: mudzayenda pa galimoto kapena wapansi? Manambala a apolisi amafotokoza bwino ndithu zimene zimagwera munthu wa galimoto ndi nyumba yake. Za woyenda wapansi muli zochepa kwambiri, chonsecho ndiye amene amakumana ndi mpeni.

Manambalawo si abodza onse ayi. M'chaka cha 2022/23 anthu oposa 27,000 anaphedwa m'dziko muno, pafupifupi 75 tsiku lililonse, ndipo nambala imeneyi ndi yodalirika kuposa zina zonse chifukwa mtembo subisika. Koma imfazi zili ndi kwawo. Masiteshoni amene amatsogola chaka ndi chaka ndi monga Inanda ndi Umlazi ku Durban, komanso Nyanga, Delft ndi Mfuleni ku Cape Town. Madera a mipanda ndi mitengo ya jakaranda ngati Blairgowrie, Linden ndi Ferndale sapezeka pamenepo. Kuno nkhani ndi kuthyola nyumba, kuba galimoto, kuswa galasi n'kutsomphola chikwama pa maloboti, kulanda galimoto ndi mfuti munthu akudikira kuti geti litseguke, ndi achifwamba olowa m'nyumba eni ake ali momwemo. Milandu imeneyi imalembedwa bwino, ndipo apolisi amasiyanitsa kuthyola nyumba mulibe munthu ndi kulowa n'kumanga anthu.

Imalembedwa bwino chifukwa chiyani? Si kuti mabwana amakhulupirira apolisi kuposa ife; m'gulu muja amadandaula tsiku ndi tsiku. Chifukwa chake ndi inshuwalansi. Wailesi yakanema ikabedwa, kampani ya inshuwalansi silipira popanda nambala ya mlandu. Motero bwana amapita kusiteshoni, kapena kuitana apolisi kunyumba, osati poyembekeza kuti wakuba agwidwa, koma kuti apeze nambalayo. Ngakhale mota ya geti ikazulidwa usiku, mawa lake ili m'buku.

Tsopano taganizirani za mayi wa ku Ntcheu amene amachapa ndi kusita m'nyumba ina ku Blairgowrie. Watsika takisi pa Bram Fischer Drive cha m'ma 6 koloko m'mawa, mwezi wa June, kunja kudakali mdima, ndipo kwatsala mtunda woyenda wapansi. Pakona anyamata awiri amuonetsa mpeni, foni yapita pamodzi ndi ndalama ya takisi yobwererera. Kuti nkhaniyi ilowe m'buku, ayenera kuyamba waimbira kampani ya foni kuti aitseke, apatsidwe nambala, kenako apite kusiteshoni akaime pamzere. Pamenepo tsiku lathera. Kuyambira mu March 2024 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali R27.58 pa ola, ndiye tsiku la maola 8 linali ndalama yoposa pang'ono R200, ndipo si adona onse amene amalipira tsiku limene sunagwire. Foniyo inalibe inshuwalansi. Akapite kukatani? Amangopukuta misozi n'kulowa m'kitchini kukayamba mbale.

Palinso nkhani ya mapepala, imene tonse timaidziwa koma sitikonda kuilemba poyera. Mmalawi akalowa ndi pasipoti amapatsidwa masiku 30. Ambiri mwa abale athu masikuwo anatha kalekale. Lamulo la za olowa ndi otuluka la 2002 limalola wapolisi kufunsa munthu zikalata zake, ndipo aliyense amadziwa kuti ku Krugersdorp kuli Lindela, kumene amasunga anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo. Munthu wotere akalandidwa foni amawerengera msanga: ndikapita kukadandaula, funso loyamba likhala la foni kapena la pasipoti? Mwalamulo aliyense, kaya ali ndi mapepala kaya alibe, ali ndi ufulu wotsegula mlandu. Koma mantha samva za malamulo, ndipo akuba amadziwa bwino lomwe kuti mlendo ameneyu sakanena kulikonse. N'chifukwa chake amatisankha.

Amatisankhanso chifukwa cha ndalama za m'thumba. Wopanda chilolezo chogwirira ntchito amavutika kutsegula akaunti kubanki, ndiye malipiro amalandira pamanja. Kumapeto kwa mwezi, Lachisanu madzulo, aliyense wotuluka pageti la bwana atavala ovolosi kapena atanyamula kachikwama ka yunifolomu amadziwika kuti wanyamula kanthu. Masiku amenewo njira zachidule zodutsa m'mapaki ndi m'mbali mwa mtsinje wa Braamfontein Spruit ndi zoopsa kwambiri. Pa mapu ndi malo okongola, obiriwira, ndipo Loweruka m'mawa mumadzaza anthu oyendetsa agalu ndi opalasa njinga zodula. Bwerani Lachisanu dzuwa litalowa muli nokha.

Bungwe la Stats SA limachita kafukufuku wake wofunsa anthu khomo ndi khomo, osadalira mabuku a apolisi, ndipo zimene limapeza zimagwirizana ndi zimene ndikunenazi. Mwa anthu amene anaberedwa katundu wawo ngati foni kapena chikwama, okanena kupolisi safika theka. Anthu amene amati amamva kukhala otetezeka poyenda usiku m'dera lawo safika 4 mwa 10 aliwonse. Akatswiri a Institute for Security Studies ku Pretoria akhala akukumbutsanso kuti pa milandu yolanda ndi zida, yochuluka ndi ya pamsewu, osati yolanda galimoto kapena yolowa m'nyumba imene manyuzipepala amakonda. Imeneyo ndi imene inalembedwa. Onjezanipo ya abale athu osanena aja. Kuweruza chitetezo cha dera ndi manambala a kusiteshoni okha kuli ngati kuwerenga chimanga cha m'nkhokwe n'kunena kuti anyani sanabe kumunda.

Randburg inakhala tauni payokha mu 1959, nthawi ya tsankho, ndipo inali ya azungu. Panopa ndi mbali ya mzinda wa Johannesburg, anthu a mitundu yonse amagulamo nyumba, ndipo misewu inasintha mayina: umene unali Hendrik Verwoerd Drive ndi Bram Fischer Drive, umene unali Hans Strijdom ndi Malibongwe Drive. Koma kamangidwe sikanasinthe. Ndi malo omangidwira galimoto. Wantchito ankayembekezeka kugona kuseri kwa nyumba kapena kuchoka dzuwa lisanalowe, ndipo palibe amene anaganizira za njira imene adzayendemo. Mipanda nayo yakwera chaka ndi chaka. Mpanda wautali umabisa nyumba kwa wakuba, komanso umabisa msewu kwa mwini nyumba. Mukhoza kukuwa pakhomo pa munthu penipeni, iye ali mkati akuonera mpira, osamva kanthu. Ku Zandspruit moyo ndi wovuta kuposa kuno, mfuti zimalira usiku, koma ukakuwa kuti "Wakuba!" zitseko zimatseguka. Kuno chimatseguka ndi pakamwa pa agalu basi.

Chitetezo chenicheni cha madera ano chili m'manja mwa makampani. M'dziko muno alonda olembetsedwa ku PSIRA, bungwe loyang'anira ntchito za ulonda, amene ali pantchito ndi oposa 500,000, pamene onse ogwira ntchito kupolisi safika 200,000. Pa mpanda uliwonse pali chikwangwani cha kampani, ndipo ukadina batani galimoto ya alonda a mfuti imafika mphindi zochepa, nthawi zambiri apolisi asanayankhe n'komwe pa nambala yawo ya zadzidzidzi ya 10111. Ndi ntchito yabwino kwa amene amalipira mwezi ndi mwezi. Tsiku lina madzulo mayi wina wogwira ntchito nyumba yoyandikana nafe analandidwa chikwama pafupi ndi geti lathu. Ndinamva kukuwa, ndinadina batani la kompulekisi, ndipo alonda anafika msanga ndithu. Funso lawo loyamba linali lakuti ndi nyumba nambala chani. Nditafotokoza kuti zachitikira pamsewu ndipo wolandidwayo ndi wantchito wa khomo lina, anazungulira kamodzi, analemba pa kabuku kawo, n'kumapita. Sindiwada anyamatawo. Amagwira maola 12, malipiro awo si ambiri, ndipo nawonso akaweruka amakwera takisi yomweyo ndi kuyenda m'mdima womwewo. Koma kasitomala wawo ndi nyumba, osati munthu wodutsa kutsogolo kwake. (Ndipo kwa abale amene amaganiza kuti adzapeza ntchito ya ulonda kuno: lamulo la 2001 limafuna kuti mlonda wolembetsedwa akhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika. Amene akukulembani popanda zimenezo adzakudyerani masuku pamutu.)

Makamera nawonso ndi chimodzimodzi. Mitengo ya makamera a kampani ya Vumacam yadzadza m'makona, ndipo luso lake lalikulu ndi kuwerenga nambala za galimoto n'kuchenjeza ngati galimotoyo ikufunidwa. Zimathandiza pa olanda galimoto ndi magulu othyola nyumba. Mnyamata wa mpeni woyenda wapansi alibe nambala.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakuti m'maso mwa dongosolo lonseli, woyenda wapansi ndiye wokayikitsa. M'gulu la WhatsApp muja sipapita nthawi osaona chithunzi cha munthu chojambulidwa pawindo, pansi pake atalemba kuti mwamuna wakuda wokayikitsa waima pakona, nthawi zina mongofupikitsa ndi zilembo ziwiri. Kangapo konse munthu wa pachithunzipo ndimamudziwa. Ndi mkulu wina wa ku Mzimba amene amadikira kuti adona ake adzuke amutsegulire, kapena mnyamata wopenta amene wafika msanga chifukwa takisi ya 5 koloko ndiyo yosadzaza. Ndikalemba kuti ameneyo amagwira ntchito nyumba yakutiyakuti, amathokoza mwaulemu, koma chithunzicho chafika kale m'mafoni a msewu wonse ndi a alonda omwe. Ndiye munthu mmodzi yemweyo m'mawa umodzi akhoza kuthawa achifwamba pa mlatho, n'kudzaimitsidwa ndi alonda pakona kuti atsegule chikwama.

Misewu ina anaitseka ndi mageti a chitsulo chotukula. Ku Gauteng lamulo la 1998 limalola anthu a m'dera kupempha khonsolo kuti achite zimenezi, koma msewuwo umakhalabe wa boma, ndipo mlonda wa pamenepo alibe mphamvu yoletsa munthu kudutsa. Mu 2005 bungwe loona za ufulu wa anthu m'dziko muno linatulutsa lipoti losonyeza kusakondwa ndi mageti amenewa. Komabe alipo ambirimbiri. Galimoto yonyezimira chitsulo chimatukuka isanaime n'komwe. Wapansi amafunsidwa kumene akupita. Choipa kwambiri ndi timageti ta oyenda pansi timene ena amatikhoma usiku mpaka m'mawa. Njira imene inali yachidule imasanduka yozungulira, ndipo kozungulirako ndiye kopanda nyali.

Ndisanamizire kuti mantha a eni nyumba ndi achabe. M'kompulekisi yoyandikana nafe gogo wina wokhala yekha anamangidwa manja ndi chingwe cha ayironi, achifwamba akufuna kiyi wa sefa yosungira ndalama imene analibe. Sanachire mumtima, anagulitsa nyumba n'kupita kwa mwana wake. Zoterezi zikachitika, maso onse amatembenukira kwa wantchito, ndipo pali chifukwa. Pulofesa Rudolph Zinn wa ku yunivesite ya UNISA anacheza ndi akaidi 30 omangidwa chifukwa cholowa m'nyumba ndi zida, ndipo ambiri mwa iwo anati anauzidwa za mkati mwa nyumbazo ndi munthu wozidziwa. Ananenanso kuti ankakonda kulowa madzulo, anthu ali maso, akuphika kapena kuonera kanema, alamu asanatchere. Si onse a ife amene ndi oyera. Alipo Amalawi amene agulitsa mabwana awo, ndipo alipo ena amene amangolongolola pa mowa kuti "kwa abwana anga kuli mfuti ndi madola", osadziwa amene akumvetsera. Chimene ndimakana ndi chakuti zikangochitika, wantchito wa zaka zambiri amatengeredwa ku makina oyeza bodza tsiku lomwelo, kenako n'kuchotsedwa ntchito ngakhale palibe umboni, pomwe "wodziwa za mkati" uja akhoza kukhala womanga, woika makamera, mlonda, ngakhale mwana wa m'nyumba momwemo.

Chaka cha 2023, pamene kuzima kwa magetsi kunafika poipa, kusiyanaku kunaonekera poyera. Mabatire a mipanda ya magetsi ndi a mageti ankatha, akuba nthambo za kopa ankadikira ndandanda ya kuzima ngati ife tomwe. Eni nyumba anathamangira kugula ma sola ndi ma inveta, ndipo patapita miyezi yochepa m'mayadi munkawala ngati kale. Msewu unatsala mu mdima, ndipo nyali zina zimene nthambo zake zinabedwa nthawi imeneyo sizinayakenso mpaka lero.

Pali chinanso chimene amene amawerenga manambala a siteshoni ayenera kudziwa. Siteshoni ya Honeydew, kumadzulo kwa kuno, imapezeka kawirikawiri pa mndandanda wa masiteshoni 30 olandira milandu yambiri m'dziko lonse. Anthu akaona zimenezo amati dera lonselo ndi loopsa. Koma siteshoni imodziyo imayang'anira nyumba zapamwamba za m'mipanda, mashopu akuluakulu, Cosmo City ndi zisakasa za ku Zandspruit, anthu ochuluka zedi. Nambala imodzi imaphatikiza galimoto yobedwa pamalo oimika magalimoto ndi munthu wobayidwa pa shabini Loweruka usiku. Sikuuzani kuti msewu uti, ola liti, munthu wotani. Ndipo apolisi ochepa akagawidwa pa dera lotere, amene alibe kampani ya alonda ndiye amatsala pa mtetete.

Kumene anthu atopa ndi kudikira, mkwiyo umagwera mlendo. Mu April 2022 anthu a ku Diepsloot, kumpoto kwa Johannesburg, anachita zionetsero chifukwa cha kuphedwa kwa anthu m'dera lawo, ndipo dandaulo lawo linali lomveka. Koma usiku gulu lina linayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa mapasipoti, ndipo bambo wina wa ku Zimbabwe, wogwira ntchito ya m'gadeni ku Fourways, anamenyedwa n'kutenthedwa. Ntchito yake inali ngati yangayi. Masiku amenewo ambiri a ife tinapempha mabwana kuti tigone m'magalaja mwawo, ena analola, ena anati inshuwalansi yawo silola. Achikulire amene analipo mu May 2008, pamene chipwirikiti chinayambira ku Alexandra n'kupha anthu oposa 60, sanadikire kuuzidwa. Anali atamanga kale zikwama.

Malamulo anapereka malo oti anthu ndi apolisi azikumana. Lamulo la apolisi la 1995 linakhazikitsa makomiti a chitetezo cha m'madera, amene kuno amangowatchula kuti CPF, ndipo siteshoni iliyonse imayenera kukhala nayo. Ya kwathu kuno ili ndi anthu odzipereka ndithu, ena amayendera misewu usiku ndi galimoto zawo osalipidwa. Koma misonkhano imachitika madzulo pakati pa sabata, nthawi imene antchito onse ali pamzere wa takisi kubwerera ku Cosmo City ndi ku Diepsloot. Nditapitako ndinapeza kuti wovala nsapato za ntchito ndinali ndekha. Anakambirana za makamera atsopano, za anthu otola zinthu m'mabini, za nyumba ina yosiyidwa. Mkulu wa apolisi anawerenga manambala a mweziwo ndipo anati milandu yolanda pamsewu ndi yochepa. Sananame. M'buku lake inalidi yochepa.

Ife tapeza njira zathu. Amayi ogwira ntchito mumsewu wathu amadikirana pamene takisi imawatsitsa kuti ayende anayi kapena asanu. Ambiri amayenda ndi kafoni ka mabatani, yeniyeni n'kuisiya kuntchito kapena kuibisa. Tsiku la malipiro timauzana kuti ndalama ya kumudzi itumizidwe pa Mukuru tsiku lomwelo, isagone m'thumba, ndipo amene mabwana awo ndi omva amapempha kuti azilipidwa kudzera pa foni, kapena tsiku losadziwika. Tili ndi kagulu kathu ka WhatsApp, ka Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, Chishona ndi Chizulu, momwe timachenjezana kuti pa mlatho wakuti pali anyamata, kapena kuti galimoto yoyera yopanda nambala ikuzungulira. Mukafananiza magulu awiriwa mungaganize kuti ndi matauni awiri osiyana, chonsecho ndi misewu yomweyo. Ndipo nthawi zambiri kagulu kathu ndiko kamayamba kuona anthu amene mawa lake adzathyola nyumba ya bwana, chifukwa amene ali pamsewu 5 koloko m'mawa ndi ife.

Mfundo imeneyi ndi imene ndinapita nayo kwa wapampando wa komiti ya kompulekisi yathu, mayi wachikulire womva zinthu. Ndinapempha ziwiri. Choyamba, nyali imodzi ya pa mpanda itembenuzidwe kuti iziwalira kunja, pamene amayi amadutsa. Chachiwiri, pageti pakhale buku loti wantchito aliyense wa mumsewu uno amene walandidwa kapena kuopsezedwa azilembamo tsiku, malo ndi nthawi, popanda dzina kapena nambala ya pasipoti, kuti mwezi ukatha tizikapereka ku CPF. Nyali anatembenuza sabata yomweyo, ndipo anawonjezera ina ya sola pakona. Za bukulo akuti zidikire msonkhano wa komiti yonse, chifukwa eni nyumba awiri amene akufuna kugulitsa akuopa kuti ogula akadzaliona pageti, mtengo wa nyumba utsika.